Apongozi Anga a Mulipa ndi Marodi Awo a Njati

Tsiku loika maliro a apongozi anga, a Labisoni Mulipa, kunagwa chiperoni. Phiri silinkaoneka, mitengo ya kumanda inkangodontha, ndipo adzukulu ankaterereka m'matope atanyamula bokosi. Tili pakati pa nyimbo, apongozi aakazi, amene pa ukalamba wawo anali atasiya zondithawa, anandikodola n'kundinong'oneza kuti, "Akamwini, abambo anuwa afadi. Mvula yonseyi osadzuka kukaona uvuni?" Ndinaluma mlomo kuti ndisaseke pamanda. Tsopano chaka chakwana, chiliza tamanga, ndipo ana andipempha kuti ndilembe za agogo awo, poti mwa ife amene tinawaona akugwira ntchito tatsala ochepa.

A Mulipa anali wowotcherera zitsulo pa esiteti ina ya tiyi kumunsi kwa phiri, mbali ya ku Muloza. Ine ndinali dalaivala wa lole yonyamula masamba pa esiteti yomweyo, zaka zija za Chitaganya. Anali munthu wamfupi, wa mapewa otambalala, maso ofiira nthawi zonse ngati wangodzuka kumene. Malaya awo onse anali obowoka ngati sefa chifukwa cha nthethe za moto, ngakhale jekete ya kutchalitchi, poti tsiku lina Lamulungu anaitanidwa kufakitale n'kuiwala kuvula. Makolo awo anachokera kutsidya kwa Apwitikizi iwo ali kumsana, ndipo akakwiya Chinyanja chinkawathera, n'kuyamba Chilomwe chokhachokha. Ntchito anaiphunzira ku Joni, ndipo kumeneko n'kumene anakatengako chikondi chawo chachikulu cha marodi, chimene apongozi aakazi ankachitcha mkazi mnzawo.

Kwa amene simunaimepo pafupi ndi wowotcherera, rodi ndi kawaya kachitsulo kotalika ngati kuchokera pachigongono kufika kunsonga ya chala, kokutidwa ndi khungu louma longa dothi. Magetsi akadutsamo kamasungunuka n'kulumikiza zitsulo. Alipo marodi wamba, owotcherera mageti ndi mawilibala. Koma zaka zimenezo kunabwera ena atsopano, a zitsulo zikuluzikulu zolimba zimene zimang'aluka zikawotchereredwa ndi rodi wamba. Azungu ankawatcha lo haidirojeni. Ife pawekishopu tinkangoti marodi oopa madzi, chifukwa khungu lake likangomwa chinyezi, basi, ntchito yaonongeka. Kunja msoko umaoneka bwinobwino, koma m'kati muli timabowo ngati buledi. Ndiye tangoganizani, marodi oopa madzi kuwabweretsa ku Mulanje, kumene ngakhale machesi amanyowa ali m'thumba.

Marodi amenewa ankabwera m'zitini zazitali zomata, ndipo mayina ake enieni palibe ankavutika nawo. Tinkangotchula chithunzi cha pachitini. A ku Joni anali ndi mutu wa njati, ndiye anali Njati. A kutsidya, obwera kudzera ku Kilimani ndi Milanje, anali ndi nsomba, ndiye anali Nsomba. Panalinso achitatu a ku Mangalande, opanda chithunzi, manambala okhaokha. Amenewo a Mulipa ankawatcha Mwana Wamasiye, ndipo ankati chinthu chimene mwiniwake wachita nacho manyazi kuchijambula nkhope sungachidalire.

Kwa a Mulipa rodi inali Njati, kwina konseku ndi mawaya a mpanda. Ankavomereza kuti Njati ndi yovuta kuyatsa, kuti imakakamira pachitsulo, kuti munthu wosaidziwa amatha kutukwana mpaka agogo ake asanaone moto. Koma ankati chimenecho ndiye ulemu wake, sigwirizana ndi aliyense. Ikayaka imayenda mosalala ngati phala la mwana, siimwaza nthethe, ndipo nkhanambo ya pamwamba pa msoko imadzuka yokha n'kupindika ngati mchira wa chinkhanira. Nkhanambo ikadzuka chonchi ankaitana aliyense amene ali pafupi, kaya kalaliki, kaya mayi wogulitsa nthochi, kuti adzaone. Za Nsomba ankati imayaka msanga ngati udzu wa m'chilimwe, imasekerera aliyense, utsi wake umanunkha ngati nthenga zopsa. Ndipo funso lawo lalikulu, limene anafunsa zaka zonse osapeza wowayankha, linali lakuti anthu anzeru zawo angajambule bwanji nsomba pachitini cha chinthu choopa madzi.

Anadzipangira uvuni woumitsira marodi, bokosi lachitsulo logundana ndi khoma la ng'anjo youmitsira tiyi, chitseko chake chotsegukira m'wekishopu. M'mawa uliwonse asanapereke moni kwa munthu ankayamba agwira uvuniwo ndi kuseri kwa dzanja, monga achitira mayi pamphumi pa mwana. Kenako ankatulutsa marodi angapo n'kuwagwedeza pafupi ndi khutu. Ouma bwino amalira ngwee, onyowa amangoti phuphuphu ngati nkhuni. Akamva kulira kowakomera, pamenepo ndiye ankatembenuka n'kuyankha moni umene munawapatsa kalekale.

Tsiku lina anapeza mbatata ziwiri mu uvunimo. Mbatata imatulutsa nthunzi, ndipo nthunzi ndi madzi. Anaimitsa ntchito yonse, n'kuika mbatatazo pa tebulo, n'kuyamba kufunsa mmodzimmodzi. Wolakwa anapezeka kuti ndi mlonda, a Jamu, munthu wofatsa amene ankangofuna kadzutsa wotentha. A Mulipa sanakawanenere kwa kapitawo. Anawakhazika pa ndowa n'kuwafotokozera ulendo wonse wa nthunzi, kuchokera m'mbatata, kulowa m'khungu la rodi, kulowa mumsoko, mpaka tsiku limene chitsulo chidzathyoke n'kugwera munthu wosalakwa wa ana asanu ndi awiri. Dzuwa litafika pamutu a Jamu anadzuka n'kunena kuti kuli bwino angowachotsa ntchito. Mbatata zija a Mulipa anadya okha, ati umboni sutayidwa.

Kutchalitchi anali mkulu wa mpingo, ndipo ikakhala sabata yawo yolalikira anthu ankadziwiratu kumene ulaliki ukathere. Kaya ayambire pa kuba, kaya pa miseche, ankafika ndithu pa chinyezi. Ankati tchimo silibwera ngati chigumula, limabwera ngati chiperoni, pang'onopang'ono, munthu kunja akuoneka wosalala koma m'kati timabowo tokhatokha. Amayi a chigwirizano, amene sanagwirepo rodi chibadwire, ankadziwa bwino kusiyana kwa Njati ndi Nsomba kuposa anyamata ena a pawekishopu.

Ngakhale ukwati wanga unadutsa momwemo. Ankhoswe atamaliza zawo, a Mulipa anandiitanira kuseri kwa nyumba n'kutulutsa marodi awiri m'thumba la jekete, kuti ndisankhe imodzi. Mwayi wanga, mwana wawo Esinati anali atanditsina khutu kuti ndidzaloze ya kadontho kobiriwira kunsonga, imene inali Njati. Ndinaloza. A Mulipa anagwedeza mutu n'kuuza akazi awo kuti mnyamatayu ndi dalaivala chabe koma maso ali nawo.

Munthu sangakonde chinthu chotere popanda wotsutsana naye, ndipo wotsutsa wa a Mulipa anali a Kaitano. Awiriwa anakulira mudzi umodzi, anavinidwa limodzi, ankaitanana achimwene. A Kaitano anakaphunzira ntchito kudoko la Beira, ndipo pobwerako anatsegula kashedi kawo pafupi ndi malire pa Muloza, n'kumakonza malole a amwenye ndi a Apwitikizi ndi makina awo oyendera injini. Anali wamtali, woonda, wa chipewa chopendekeka, wokonda kuti anthu aziwatcha mesitiri, kutanthauza mmisiri wamkulu pa Chipwitikizi. Iwo ankati Njati ndi bulu, yofuna kuipempha ndi kuigwadira, pamene Nsomba ukaizimitsa n'kuiyatsanso siikufunsa mafunso.

Mkangano weniweni unayamba ndi mphatso. A Kaitano atangofika kuchokera ku Beira anapatsa mbale wawoyo chitini chathunthu cha Nsomba. A Mulipa anathokoza n'kuyesa rodi imodzi yokha. Patapita miyezi a Kaitano anabwera kudzacheza, ndipo pozungulira kudimba anapeza mphatso yawo yonse itazikidwa m'mizere, tomato atamangiriridwapo. A Mulipa anati asadandaule, marodiwo apeza ntchito yowayenera, ndipo tomato sanaberekepo chonchi. Kuyambira pamenepo pamaliro, paukwati, pamsika, paliponse akakumana, nkhani inali yomweyo. Pa ukwati wanga a Mulipa anaimirira pamaso pa anthu n'kulumbira kuti Nsomba sidzalowa pakhomo la wekishopu yawo iwo ali moyo. Chinthu chimodzi chokha chimene ankagwirizana chinali kunyoza Mwana Wamasiye.

Tsopano ndinene za chaka chimene anthu a kwathu amachikumbukirabe, ngakhale amene sanabadwe.

Munali mu Januwale, tiyi ataphuka mwamphamvu, mvula ikugwa osapuma. Njanji inakokoloka kwinakwake kumunsi, ndipo katundu wa ku Joni anasiya kufika. Njati inayamba kutha mu uvuni. A Mulipa ankawotcherera mpaka kachidutswa kotsala kakuwatentha zala, koma inatha ndithu. Sabata yomweyo mkono wa rola yaikulu, makina opotera masamba m'fakitale, unang'aluka. Chinali chitsulo chonenepa ngati ntchafu ya munthu wamkulu. Injiniya wathu, mzungu amene tinkamutcha Bwana Fulumira chifukwa ndi mawu okhawo a Chinyanja amene ankawadziwa, anati china chatsopano chingabwere pa sitima ya pamadzi, mwina tiyi atatha kale. Anayesa marodi wamba, ndipo msoko utangozizira unalira thii n'kung'alukanso. Anatsegula chitini cha Mwana Wamasiye chimene chinali m'sitolo, n'kupeza denga linkadonthera pomwepo, chitini chadzimbiri, khungu la marodi likuyoyoka ngati ufa.

Masamba anayamba kuunjikana n'kufiira. Tiyi sadikira. Tsiku lachiwiri makapitawo anayamba kubweza othyola tiyi, kuti palibe kokaika masamba. Amenewo anali anthu a m'midzi yathu yomwe, ndipo Januwale ndi mwezi umene nkhokwe zimakhala zopanda kanthu. Amayi ankaima pageti ndi madengu awo opanda kanthu, mvula ikuwakhuthukira, osafuna kubwerera kunyumba. Ena mwa iwo anali a chigwirizano aja, ndipo mmodzi anafuula a Mulipa akudutsa, "Abambo, paja munati Njati siitha mphamvu. Nanga ili kuti?"

A Mulipa anakhala pa ndowa m'wekishopu m'mawa wonse, akuyang'ana uvuni wopanda kanthu. Bwana Fulumira analowa, anatsegula pakamwa, anaona nkhope yawo, n'kutulukanso osanena mawu ake aja. Kenako a Mulipa anandiitana.

"Akamwini, lizani lole."

"Tikupita kuti, bambo?"

"Lizani lole. Njira muidziwa ikamakhota."

Tinapeza a Kaitano ali pakhomo pa shedi yawo akumwa tiyi, ngati munthu amene wakhala akudikira alendo. Mbiri inali itawafika kale. Anatilonjera mwaulemu wonse, anatipatsa mipando, anafunsa za kunyumba, za mbuzi, za tomato.

"Achimwene," anatero a Mulipa, maso ali pansi, "ndabwera kudzabwereka timawaya tanu tija."

"Timawaya? Ta mpanda? Tilipo kuseriko."

"Toyatsira tija."

"Machesi?"

A Mulipa anadzutsa mutu.

"Marodi."

"Aa, marodi! Koma marodi alipo amitundumitundu, achimwene. Ine mutu wanga ndi wokalamba. Tatchulani dzina."

Anatchula, koma motsitsa kwambiri moti ngakhale ine amene ndinali pambali sindinamve. A Kaitano anaika dzanja kukhutu, ati mvula ikusokosa padenga. Kachiwiri chimodzimodzi. Kachitatu a Mulipa anakuwa "Nsomba!" mwakuti mayi wina amene ankadutsa mumsewu anaima n'kufunsa kuti akugulitsa bwanji.

Koma ndinene zoona, a Kaitano atamaliza kuseka anachita zinthu ngati mmisiri. Azilamu awo nawonso anali m'gulu la obwezedwa pageti lija. Anatulutsa marodi mu uvuni wawo ali otentha, anawaika m'chitini, anatseka chivundikiro n'kumata ndi phula. Anatenga njerwa ziwiri zotentha n'kuzigundika m'mbali, n'kukulunga zonse m'chiguduli ndi bulangete. Ananena kuti chitinicho chisazizire ndipo dontho lisachikhudze, apo ayi mlandu usadzakhale wa Nsomba. Pa mfundo imeneyi a Mulipa anavomera ndi mutu, koyamba pa zaka zambiri.

Tsoka linatipeza pobwerera. Kamtsinje kamene tinawoloka bwinobwino popita kanali katadzaza, ndipo lole inatitimira m'matope mpaka m'ma ekiselo. Anthu anabwera kudzakankha, koma inangokhala ngati yamera mizu. A Mulipa anagwira mtolo uja, n'kumva kuti kutentha kwayamba kuchepa. Kunyamula pamutu, mvula. Kukhwapa, sukwanira. Akazi a Kaitano anali atatiponyera nsalu yawo yakale kuti tifunditse pamwamba. A Mulipa anaiyang'ana nsaluyo nthawi yaitali.

"Akamwini, ndibereketseni."

"Bambo?"

"Mtolowu. Kumsana. Mumange zolimba, ndipo pakamwa panu mumangenso chimodzimodzi."

Ndinawabereketsa mtolowo monga ndinkaonera Esinati akuchitira ndi mwana, mfundo pachifuwa. Anavala jekete pamwamba, ine ndinatenga ambulera n'kumawafunditsa kumbuyo, ndipo tinauyamba wapansi, lole titaisiyira anthu aja.

Sitinayende patali tisanakumane ndi amayi ochokera kuchigayo. Patsogolo pawo panali mayi wina wamkulu, wa mawu ngati belu, amene pambuyo pake ndinamva kuti anali mzamba wa dera limenelo. Ataona bambo wa imvi atabereka, akuthamanga pamvula, mnyamata akumufunditsa ambulera, anatula ufa wake pansi.

"Kalanga ine! Bambo, mayi wake ali kuti?"

"Pepani mayi, tikufulumira."

Mayiyo anatithamangira n'kulowetsa dzanja pansi pa jekete. Analichotsa msangamsanga.

"Mayo! Thupi moto! Amayi inu, bwerani, mwanayu watentha zoopsa! Ndipo sakulira n'komwe!"

"Si mwana, mayi. Ndi rodi."

"Roda? Kamtsikana! Roda, mama, tadzuka! Bambo inu, njira ya kuchipatala cha Mishoni si imeneyi. Mukupita naye kuti mwana wodwala chonchi?"

"Ku fakitale."

Mawu amenewo ndiwo anaononga zinthu. Amayi aja anayang'anana. Masiku amenewo mphekesera za anthu oba ana zinali ponseponse, ndiye bambo wa maso ofiira, wothamangira ku fakitale ya azungu ndi mwana wosalira, sanafunikenso kufotokoza. Anatizungulira. Mzamba uja analamula kuti amuvundukule mwanayo aone nkhope. A Mulipa anakana, ati akangonyowa ndiye kuti wafa. Amayi anayamba kulira mokweza. Amuna anatuluka m'minda ndi makasu. Ine ndinayesa kulongosola, koma wina anandilanda ambulera n'kundiuza kuti nditseke pakamwa, wothandizira mfiti. A Mulipa Chinyanja chinawathera, anayamba Chilomwe, ndipo mzambayo anawayankha m'Chilomwe chakuya kuposa chawo.

Chimene chinatipulumutsa ndi khonde la sitolo ya mmwenye imene inali chapafupi. A Mulipa anati ngati akufuna kuona, akaonere pansi pa denga. Gulu lonse linatiperekeza, ena atagwira jekete kuti tisathawe. Pakhondepo anamasula mfundo, anatula mtolo mosamala, anafunyulula bulangete pang'ono pokha. Anthu anasuzumira. Panatuluka chithunzi cha nsomba, diso lake lili tong'o.

Kenako mzamba uja anawomba m'manja.

"Bambo wamkulu ngati inu, kubereka chitini cha nsomba! Kwanu kulibe ndiwo?"

Ndipo mwa anthu osuzumira aja munali othyola tiyi a pa esiteti yathu, amene anamva ulaliki wa a Mulipa zaka ndi zaka. Mmodzi anati, "Si Nsomba imeneyi? Abambo Mulipa, si Nsomba ija munkati imanunkha?" A Mulipa anakulunganso mtolo wawo, anandiuza kuti ndiwabereketse kachiwiri, ndipo tinanyamuka. Koma tsopano sitinali awiri. Gulu lonse linatitsatira, ena atathyola masamba a nthochi n'kumafunditsa mtolowo, ana akuimba nyimbo yotonthoza Roda. Mzamba uja anatiperekeza mpaka pageti, akulangiza a Mulipa kuti mfundo yotere imapweteka pachifuwa, azimangira cham'mbali.

Titafika pawekishopu a Mulipa anaima pakhomo. Anakumbukira lumbiro lawo. Anazungulira kuseri, anandiuza kuti ndilowe nditsegule zenera, ndipo Nsomba inalowa pazenera n'kukagona mu uvuni wa Njati.

Ntchito yeniyeniyo ndinaiona ndi maso anga. Anasema mng'alu uja mpaka pansi pake, anakoleza makala kuzungulira chitsulo kuti chitenthe chonse, kenako anatsitsa chigoba chawo chotchingira moto kumaso. Rodi yoyamba inayaka atangoikhudzitsa, ndipo ndinamva akung'ung'udza m'chigobamo ngati munthu amene wapatsidwa moni ndi mdani wake. Anawotcherera mpaka usiku, msoko pamwamba pa msoko, akugogoda, akupukuta, akuyambanso. Nthawi ina nkhanambo inadzuka yokha n'kupindika bwinobwino ngati mchira wa chinkhanira. Anayang'ana uku ndi uku kuti aone ngati wina waona, n'kuiphwanya msanga ndi hamala. Atamaliza anakwirira chitsulocho mumchenga wotentha kuti chizizire pang'onopang'ono, n'kuletsa Bwana Fulumira kuchiyandikira. M'mawa mwake anachimanga pa rola. Inazungulira. Pofika masana mageti anatsegulidwa ndipo madengu anayambanso kulowa. Mkono umenewo unagwira ntchito mpaka rolayo inakalamba n'kugulitsidwa, ndipo chitsulo chatsopano chija chitafika pa sitima chinangokhala m'sitolo.

Aliyense ankadikira kuti a Mulipa anena chiyani. Panapita sabata yathunthu. Kenako anatulutsa chigamulo chawo, chimene sanachisinthe mpaka imfa. Anati rodi ili ngati mkamwini, imatsata mwambo wa mudzi umene yagonamo. Marodi aja analowa mu uvuni wa Njati, anafunda moto wa Njati, choncho potuluka anali Njati. Ponena zimenezi ankaloza ine ngati chitsanzo, ati pobwera sindinkadya kalongonda, nyemba zija za Alomwe, koma onani lero.

A Kaitano anabwera Loweruka lotsatira kudzatenga nsalu ya akazi awo. Sananene za rola, sananene za tomato. Anangovula chipewa n'kufunsa mwaulemu kuti, "Achimwene, mwana wagona bwanji?" Moni wawo unakhala umenewo kwa moyo wonse. Ndipo kuyambira chaka chimenecho, mwana wamkazi akabadwa m'midzi ya kumeneko n'kupatsidwa dzina loti Roda, a Mulipa ankaona ngati makolowo achitira dala.

Njanji itakonzedwa Njati inabweranso, ndipo anailandira ngati m'bale wochokera kundende. Sanagwirenso Nsomba. Koma chitini chija sanachitaye. Apongozi aakazi ankasungiramo mchere, ndipo a Mulipa ankati n'choyenera, poti nsomba ndi mchere n'zapachibale.

Atapuma ntchito anakakhala kumudzi kwa akazi awo kufupi ndi Chinakanaka. Maso anali atayamba kuchita khungu, ndipo zitini za zithunzi zija zinali zitasowa kale m'masitolo, kwabwera mitundu ina imene onse ankaitcha Ana Amasiye. Patapita zaka a Kaitano nawonso, akazi awo atamwalira, anabwera kudzakhala kwa mwana wawo chapafupi pomwepo. Nkhalamba ziwirizi zinapempha makina kwa mnyamata wina wowotcherera pamsika, n'kupanga benchi ya miyendo yachitsulo. Aliyense anatulutsa marodi ake akale amene anabisa, n'kuwaumitsa tsiku lonse pamoto. Miyendo iwiri ya kumanja anawotcherera a Mulipa ndi Njati, iwiri ya kumanzere a Kaitano ndi Nsomba. Anaiika pansi pa mtengo wa mango pafupi ndi okonza njinga, ndipo tsiku la msika lililonse aliyense ankakhala mbali yake, akudikira kuti miyendo ya mnzake ithyoke. Munthu wonenepa akamadutsa ankamuitana mwaulemu kuti adzapume, aliyense akumukokera mbali ya mnzake.

Benchiyo ilipobe. Thabwa lake lasinthidwa kawiri, lachitatuli layambanso kufumbwa, koma miyendo inayi yonse ili nji. Kumanja kwake thabwa linasalala n'kulowa pang'ono, ndipo pansi pali kadzenje kamene chidendene cha a Mulipa chinakumba pokangana. Masamba a mango amagwera pamenepo osapeza wowasesa. Ogulitsa nthochi amatula madengu awo pansi, pabenchipo saikapo, ngakhale palibe anawaletsa. A Kaitano amabwerabe tsiku la msika, atatsamira ndodo, n'kukhala kumanzere kwawo. Sabata yatha ndinawapeza atagwada movutikira mbali ya kumanja, akupalasa msoko wa a Mulipa ndi chikhadabo. Ndinawafunsa ngati apeza mng'alu.

"Dzimbiri layamba," anatero osandiyang'ana. "Mukabwerenso mudzatenge kapenti, akamwini. Ukathyoka iwo kulibe, ndidzauza ndani?"